Kusankha Pakati pa Kutsitsa Impala ya 1964 ndi Kuisunga Momwe Inalili

Musanadule chitsulo chilichonse pa Chevrolet Impala ya 1964, yambani mwaona ngati nambala ya injini ikugwirizana ndi ya galimotoyo. Ngati zikugwirizana, makamaka pa mtundu wa SS (Super Sport), ndi bwino kuisiya momwe inatulukira kufakitale, chifukwa galimoto zosasinthidwa zikusowa kwambiri. Koma ngati injini inasinthidwa kale, mukhoza kuisandutsa lowrider, kutanthauza galimoto yotsitsidwa kufupi ndi pansi, monga amachitira mabanja ochokera ku Mexico okhala ku Los Angeles. Choyamba limbitsani chasisi chake chooneka ngati X powotchererapo zitsulo zina, popeza mphamvu ya mapampu a hydraulic okwezera ndi kutsitsira galimotoyo ndi kulemera kwa mabatire oikidwa m'buti zimachipinda ngakhale kuchithyola. Masipuling'i ndi zipangizo zina zimene mwachotsa muzisunge pamalo ouma, kuti wodzagula m'tsogolo adzathe kuzibwezeretsa.