Tailosi isagone pamsoko wa nyumba yakale ndi chipinda chatsopano

Mabanja ambiri kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay ndi Chipoka, akuwonjezera zipinda, ena akutseka khonde kuti likhale pabalaza. Ikafika nthawi ya matailosi, mwininyumba amafuna pansi ponse paoneke ngati panamangidwa tsiku limodzi. Ndalama zambiri zimathera pamenepa.

Pansi pakale panakhazikika kalekale. Konkire yatsopano ikamauma imakhwinyata pang'ono, ndipo maziko ake amakhala asanakhazikike. Kumene kuli dothi la makande ndiye zimanyanya, poti limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Mbali ziwirizi siziyendera limodzi. Tailosi yogona theka kwakale theka kwatsopano idzasweka motsata msokowo, ngakhale ikhale yodula chotani.

Choncho uzani mmisiri ayambire kuyala pamsoko pomwepo. Mzere wina uthere apo, wina uyambire mbali inayo, pakati pasiyidwe mpata wa mamilimita pafupifupi 6. Mumpatamo muikidwe silikoni, chifukwa imatamuka. Girauti, simenti yodzazira mipata ya pakati pa matailosi, ndi youma, imangosweka. Msoko ukagwera pachitseko mwachita mwayi, kachitsulo ka aluminiyamu kamaubisa bwinobwino. Amisiri ena amakana, ati mzerewo ukunyansitsa. Afunseni ngati adzabwere kudzasintha matailosi ulere.

Konkire yatsopano musaithamangire. Pansi pake pakhale atayala pulasitiki wakuda woletsa chinyezi, makamaka kufupi ndi nyanja komwe madzi ali pafupi. Muziithirira sabata yoyamba, ndipo matailosi adikire masiku osachepera 28. Milungu 6 ndiye bwino koposa.

Mbali yakale ili ndi vuto lakelake. Simenti yosalala ija, yofiira, yomwe amayi akhala akuipaka polishi zaka zonsezi, sigwira guluu wa matailosi. Thirani madzi pang'ono: akangoima timadontho osalowa, polishi akadalipo. Pakwecheni, mugobegobe ndi tchizulo kuti pakhakhale, musese, mutsuke. Gogodaninso ndi hamala. Pomwe pakulira ngati ng'oma, simenti inasiyana kale ndi pansi, pachotsedwe.

Kenaka yezani msinkhu ndi levulo kapena kapaipi ka madzi kooneka mkati. Khonde kawirikawiri limakhala lotsika komanso lopendekera kunja kuti madzi a mvula azitsika. Kwezani mbali yotsikayo ndi matope a simenti, muyeso umodzi wa simenti ku miyeso 3 kapena 4 ya mchenga wokhakhala wa mumtsinje, wopanda dothi, ndipo nawonso aume kaye. Musalole kudzaza dzenje ndi guluu. Ndi wodula, komanso akakhuthala kwambiri amakoka tailosi pouma, m'mphepete n'kutsala chotumphuka chopunthwitsa ana.

Za kutentha kwa kuno mukuzidziwa. Mu Okutobala ndi Novembala guluu amauma pamwamba msanga, ndiye mmisiri asakanize wochepa, apake poti ayale nthawi yomweyo, ndipo ntchito yambiri igwiridwe m'mawa. M'mphepete mwa khoma asiye kampata komwe sikating'i, mzere wa matailosi wa m'munsi mwa khoma, idzabise. Musanamalize kulipira, yendani ndi kiyi mukugogoda tailosi iliyonse, makamaka mizere iwiri ya pamsoko ija. Yolira mopepuka izulidwe, aiyalenso.