Momwe mungasankhire ndi kuika mageji owonjezera oonera injini ya galimoto

Kamuvi koonetsa kutentha kamene kamabwera ndi galimoto zambiri za masiku ano kanapangidwa kuti kazikhala pakati ngakhale kutentha kwa madzi oziziritsa injini kukusintha ndithu, ndipo kakamayamba kukwera n'kuti zinthu zitafika kale poipa. Getsi lofiira la oyilo nalo limayaka pulesha ikatsikiratu, kawirikawiri pansi pa theka la bar imodzi (bar ndi muyezo wa pulesha), zitsulo za mkati mwa injini zitayamba kale kukhulana. N'chifukwa chake geji yoonetsa manambala enieni ndi yofunika, makamaka pa galimoto yakale kapena yonyamula katundu wolemera.

Yambani ndi kusankha zimene mukufuna kuona. Ine ndimalangiza mageji awiri poyamba, ya kutentha kwa madzi ndi ya pulesha ya oyilo, popeza kutentha kwambiri ndi kusowa kwa oyilo ndizo zimapha injini msanga. Yachitatu ikhoza kukhala ya mavoti, imene iyenera kuonetsa pafupifupi 12.6 injini ili chizimire, ndi pakati pa 13.8 ndi 14.4 ikamalira. Geji ya turbo ndi ya kutentha kwa utsi zimathandiza kwenikweni pa injini za dizilo zokoka zolemera. Ambiri mwa mageji amenewa ndi a mamilimita 52 m'mimba mwake, ndipo zoikiramo zake sizivuta kupeza.

Sankhani geji yamagetsi, yokhala ndi sensa imene imamangidwa pa injini. Geji ya oyilo yopanda sensa imalowetsa kapaipi ka oyilo wotentha mpaka pa dashibodi, ndipo kapaipiko kakaphulika oyiloyo amathira pamiyendo ya woyendetsa. Gulani geji ndi sensa yake pamodzi, chifukwa sensa ya kampani ina, ngakhale italowa bwino pabowo, ikhoza kupereka manambala abodza. Kachipangizo kolumikiza pa soketi ya OBD2, polumikizira makina oyezera kompyuta ya galimoto, kamaonetsa kutentha kwa madzi popanda kumasula kalikonse, koma galimoto zambiri zilibe sensa yoyeza pulesha ya oyilo, choncho nambala imeneyo simudzaipeza kumeneko.

Musanagwire sipanala, dikirani injini izizire ndipo chotsani waya wa negetivi pa batire. Sensa ya madzi imaikidwa pa kachitsulo kolumikizira kamene kamalowa pakati pa paipi yapamwamba ya radiyeta. Yezani kukula kwa bowo la paipiyo musanagule kachitsuloko, chepetsani madzi, dulani paipi, kenako mangani ndi makilampu mbali zonse ziwiri. Ngati sensayo ili ndi waya mmodzi, kachitsuloko kalumikizidwe ndi waya wa ethi ku thupi la galimoto, chifukwa labala sapititsa magetsi. Dziwaninso kuti pamalo amenewa geji imachedwa kukwera mpaka themositati, valavu yotsegulira madzi opita ku radiyeta injini ikatentha, itatseguka, ndipo kumeneko si kuwonongeka.

Sensa ya oyilo ndiyo imafuna kusamala koposa. Njira yosavuta ndiyo kuika mbale yachitsulo yokhala ndi mabowo a masensa pakati pa fyuluta ya oyilo ndi injini. Ena amagwiritsa ntchito cholumikizira cha nthambi ziwiri pabowo la sensa yakale ya getsi lofiira la oyilo, koma sensa yolemera ikalendewera pamenepo, kunjenjemera kwa injini kumathyola cholumikiziracho pakapita nthawi, oyilo n'kutayika yense galimoto ili pa liwiro. Ndi bwino kuimangirira pambali ndi kuilumikiza ndi paipi yolimba. Yang'anitsitsaninso mathiredi, mizere yozungulira yomangira sensa pabowo, chifukwa ilipo ya mitundu yosiyana: masensa ambiri amabwera ndi 1/8 NPT, pamene injini zambiri za ku Japan zili ndi 1/8 BSPT. Pamaso zimaoneka zofanana, koma kukakamiza imodzi pabowo la inzake kumawononga bowolo, ndipo kulikonza n'kovuta kuposa kugula adaputala yoyenera. Sensa yakale ya getsi lofiira musaichotse.

Mawaya adutse pa labala wa pakhoma lolekanitsa injini ndi mkati mwa galimoto, kutali ndi paipi ya utsi ndi malamba, ndipo amangidwe kuti asamakhulike pachitsulo. Magetsi atengedwe pa bokosi la mafyuzi, pamalo amene amayaka kiyi ikatembenuzidwa, kudzera pa fyuzi yakeyake yaing'ono. Waya wa kuwala ulumikizidwe ku magetsi a paki, ndipo wa ethi umangidwe pachitsulo chopanda penti. Gejiyo ikhale pamene maso angaione mosachoka nthawi yaitali pamsewu, koma isatseke malo otulukira eyabagi, kuphatikizapo ya pa mzati wa pambali pa galasi lakutsogolo.

Mukamaliza, bwezerani madzi, tulutsani mpweya wotsalira m'mapaipi, onani mulingo wa oyilo, ndipo lizani injini mukuyang'ana ngati pali podontha. Pulesha imakhala yokwera oyilo akadali wozizira ndipo imatsika akatentha; madzi pa injini zambiri amakhazikika pakati pa madigiri 85 ndi 105. M'sabata yoyamba lembani manambala amene mukuona injini ikamalira galimoto itaima, pa liwiro la pamsewu waukulu ndiponso pokwera chitunda, ndipo ngati geji yanu ili ndi alamu, muitchere pang'ono kunja kwa manambala amenewo.