Laputopu imene abwana akupatsani: muikonzetse kapena muisiye?

Ambiri a ife amene tili kunja, laputopu yoyamba sitinagule m'sitolo. Abwana akusamuka ku Sandton n'kunena kuti tengani mwina ikuthandizani. Mnzanu wa kunyumba yosamalira okalamba ku Leeds wagula yatsopano, yakale waisiya patebulo. Kapena mwaiona pa Facebook Marketplace pamtengo woti mukachedwa wina atenga. Ndiye kumudzi kuli mwana wa achemwali amene wasankhidwa kupita ku MUBAS kapena ku Bunda, ndipo pa WhatsApp sakupumitsani: "Amalume, nkhani ya laputopu ija."

Mukaiyatsa ikutenga nthawi yoti mungawiritse madzi a tiyi, batire ikufa mukangozula tchaja, batani limodzi linagwa kalekale. Kodi muikemo ndalama? Yankho lili m'zinthu zimene sizisinthika m'kati mwa laputopuyo. Anthu ambiri amayambira kuona chikwama, kuwala kwa sikirini ndi dzina la kampani, pomwe zimenezo ndi zomalizira.

Yambani ndi processor, ubongo wa laputopu, chifukwa m'malaputopu ambiri a zaka khumi zapitazi inamatiridwa ku motherboard, bolodi lalikulu la m'kati, siichotsedwa. Pa Windows pitani ku Settings, System, kenako About, muwerenge dzina lake lonse. Wogulitsa akuuzani monyadira kuti "iyi ndi i7", koma mawu amenewa paokha sanena kanthu. Onani nambala yotsatira. Pa i5-8250U, 8 woyambayo akutanthauza m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene unayamba kutuluka mu 2017. Pa i7-7500U ndi m'badwo wachisanu ndi chiwiri. Nambala ikayamba ndi 10, 11 kapena 12, monga i5-1135G7, ndiye yatsopanoko. Ndipo musanyengedwe ndi 7 wa mu "i7": i7-7500U ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa processor) awiri okha, pomwe i5-8250U ili ndi anayi, ndipo pantchito zambiri i5 imeneyi imaisiya i7 ija m'mbuyo.

Nambala 8 ndi malire enieni. Microsoft inasiya kutumiza zotchingira chitetezo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa dongosolo loonjezera la ESU, lomwe kwa anthu wamba analikonza kuti lifike Okutobala 2026. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, komanso Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen ya pa laputopu ya m'gulu la 3000 kupita m'tsogolo. Alipo anyamata odziwa kuikakamiza Windows 11 pa makina akale, ndipo imayenda, koma Microsoft silonjeza kuti ipitiriza kuwatumizira zosintha. Ngati laputopuyo ili m'manja mwanu, mutha kupirira nazo. Ngati ikupita ku Zomba kwa mwana amene adzakuimbireni usiku mayeso ali mawa, ine sindingatero.

Palinso mtundu wina woti musataye nawo nthawi: timalaputopu topepuka ta Celeron, tokhala ndi RAM (memori imene makina amagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ya 4GB yomatirira ndi malo osungira a eMMC a 32GB kapena 64GB. Timaoneka tatsopano, tamitundu yokongola, koma tambiri mulibe poikapo chilichonse. Momwe mwakapezeramo ndi momwe kadzafere.

Chachiwiri chosasinthika ndi maloko, ndipo apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene abale ambiri amapsera. Mukangoiyatsa, dinani F2 pa Dell, F10 pa HP, kapena F1 pa ThinkPad, mulowe mu BIOS, tsamba la zoikamo za makinawo limene limatseguka Windows isanayake. Ikafunsa pasiwedi ndipo mwini wake sakuidziwa, bwezani. Pa ThinkPad za zaka zaposachedwa pasiwedi imeneyi sichoka pochotsa kabatire ka m'kati monga ankachitira kale. MacBook yokhala ndi kachipangizo kachitetezo ka T2, kuyambira mu 2018, kapena ya processor ya M1 kupita m'tsogolo, imakhala yomangirira ku akaunti ya Apple ya mwini wake. Akapanda kuichotsa pa Find My, pulogalamu ya Apple yolondolera zipangizo zotayika, mukaifufuta idzafuna pasiwedi yake ndipo mwatsala ndi thireyi yodula. Malaputopu a kumakampani nawo amatha kukhala olembedwa m'kaundula wa kampaniyo, moti ngakhale muike Windows yatsopano, ikangolumikizana ndi intaneti imatulutsa dzina la kampani n'kufuna kuti wantchito wawo alowe. Abwana akakupatsani ya kuntchito kwawo, apempheni mwaulemu kuti a IT aichotse kaye m'kaundula, ndipo akulembereni ka uthenga kosonyeza kuti akupatsani.

Ka uthengako si kachabe. Laputopu yopanda tchaja, yokhoma, yogulitsidwa mothamanga pa renki ya matakisi, nthawi zambiri mwini wake akuilira kwinakwake. Ku South Africa lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limakakamiza ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito kulembetsa kupolisi ndi kusunga mbiri ya amene anawagulitsa, n'chifukwa chake ku Cash Crusaders kapena Cash Converters amafuna chiphaso munthu akamagulitsa. Mlendo wopezeka ndi katundu wakuba amafunsidwa zambiri kuposa za laputopuyo, ndipo amene mapepala awo sali bwino akudziwa chimene ndikunena.

Processor ikakhala yabwino, maloko palibe, tsopano tingakambe zokonza. Chinthu chimene chimadzutsa laputopu yakufa tulo ndi SSD, chosungira mafayilo chothamanga chimene chimalowa m'malo mwa hard drive. Makina ambiri akale ali ndi hard drive yozungulira, imene imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi. SSD wamba ya SATA imafika cha m'ma 500MB, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono timene Windows imatsegula poyaka, kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa pamenepo. Ndi ndalama zochepa zimene phindu lake mumaliona tsiku lomwelo. Ya 256GB imakwanira mwana wasukulu, ya 512GB ndi yabwino ngati amakonda kusunga mafilimu. Musanagule, fufuzani ngati makinawo amalandira ya mainchesi 2.5 kapena kakang'ono ka M.2, popeza n'zosiyana. SSD ilinso ndi ubwino wina kwa ife: mulibe chozungulira, choncho mabampu a msewu wa ku Tete saiopsa.

RAM ikhale 8GB, osatsika apo. 16GB ngati mwanayo akuchita za uinjiniya ndipo adzafuna AutoCAD. Tsegulani Task Manager, Performance, Memory, muone mipata ingati ili ndi RAM, koma tsimikizani pofufuza dzina la makinawo pa intaneti. ThinkPad T480 ili ndi mipata iwiri, T480s ili ndi umodzi ndi ina yomatirira, MacBook Air ilibe ndi umodzi womwe. Mitundu ya RAM ya DDR3L ndi DDR4 silowana. Dziwaninso kuti mitengo ya RAM inakwera kwambiri kumapeto kwa 2025, choncho funsani mtengo wa lero, osadalira umene mnzanu anagulira chaka chatha.

Batire ndiye mtima wa nkhani ngati laputopu ikupita kwathu, kumene magetsi amazima osatsanzika. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, mutsegule fayilo imene ikupatseni. Muona manambala awiri, design capacity ndi full charge capacity: mphamvu imene batire inabadwa nayo ndi imene yatsala. Yatsalayo ikakhala pansi pa theka, werengerani mtengo wa batire yatsopano. Mukaona kuti pamene mumayendetsa chala patukuka kapena chivundikiro cha pansi chatupa, batire yafufuma; musaitchajenso, musaiboole, musagone nayo pabedi. Ichotsedwe.

Kiyibodi imasinthika mosavuta pa ThinkPad ndi Latitude zambiri, koma pa makina ena opyapyala inakhomeredwa kuchivundikiro, moti muyenera kugula mbali yonse ya pamwamba. Sikirini yosweka imasinthika, ngakhale ya touch imadula. Fani ikamalira ngati chigayo nthawi zambiri ndi fumbi chabe ndi phala loziziritsa processor limene lauma. Zimene ndimaziopa ndi ziwiri. Mahinjesi akathyola pulasitiki imene anamangidwiramo, guluu sagwira nthawi yaitali. Ndipo laputopu imene inamwapo tiyi kapena imangozima yokha, vuto limatha kukhala pa motherboard. Wokonza adzakuuzani kuti tiyese, ndipo kuyesako mulipira inu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani nayo mphindi makumi atatu musanapereke ndalama. Onerani vidiyo pa YouTube, lowetsani fulashi m'mabowo onse a USB, yesani kamera ndi maikolofoni, lembani zilembo zonse mu Notepad, gwedezani pang'ono waya wa tchaja muone ngati ikudukiza. Wogulitsa amene akukufulumizitsani wakuyankhani kale.

Tsopano masamu. Phatikizani mtengo wogulira, SSD, RAM, batire, tchaja ndi ndalama za wokonza, kenako muone mtengo wa makina ofanana nawo okonzedwa kale, monga ThinkPad T480, Dell Latitude 5490 kapena HP EliteBook 840 G5, kwa ogulitsa odziwika. Ku Britain yang'anani ku CeX, eBay kapena Back Market. Tiyerekeze yokonzedwa kale ikugulitsidwa R4,000, ndipo yanu ya abwana ikufuna R1,200 ya SSD ndi batire: konzetsani. Ikafuna R2,800 chifukwa sikirini nayonso yafa, ine ndingaonjezere ndalama n'kugula yam'sitolo. Muyezo wanga ndi theka la mtengo, ndipo chifukwa chake ndi chitetezo. Mukagula kwa wamalonda ku South Africa, Consumer Protection Act imakupatsani miyezi isanu ndi umodzi yobweza chinthu chikapezeka ndi vuto limene sanakuuzeni; ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imakupatsani masiku 30 okana katundu wolakwika n'kulandira ndalama zanu. Kwa munthu wamba wa pa Gumtree mumagula voetstoots, monga amanenera ku Joni: mwatenga momwe ilili, basi.

Nanga ya m'badwo wa 6 kapena 7 imene mwalandira ulele n'kutaya? Ayi. Ikani SSD yotsika mtengo ndi Linux Mint, imene imalowa m'malo mwa Windows ndipo ndi yaulere, ndipo ikuthandizani kulemba CV, kudzaza mafomu a viza, kuchita maphunziro a pa intaneti ndi kuonera nkhani zakumudzi. Kungoti musaigulire sikirini kapena motherboard, ndipo musaitumize kwa wophunzira amene aphunzitsi ake akufuna mapulogalamu a Windows.

Musanaitumize, fufutani zonse za mwini wake wakale poika Windows mwatsopano. Zithunzi za banja la abwana zisakafike ku Ndirande. Ikani mapulogalamu ndi zosintha zonse mudakali pa Wi-Fi, chifukwa kwathu bandulo ingathere pomwepo. Matchaja a laputopu amalandira magetsi a 100 mpaka 240V, choncho vuto ndi pulagi yokha: ya ku Britain ya mano atatu amakona ndi yomwe timagwiritsa ntchito ku Malawi, koma ya mano ozungulira ya ku South Africa ifunika adaputa kapena waya wina. Kiyibodi ya ku Britain ili ndi @ pamalo ena, muuzeni mwanayo asaganize kuti yaonongeka. Pandege laputopu ikhale m'chikwama cha m'manja, ndipo batire yapadera siloledwa m'katundu wopita pansi. Ngati ikupita pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, izimitseni kwathunthu, ikulungeni m'bulangete pakati pa zovala, mujambule serial number yake yolembedwa pansi pake, ndipo muipereke m'manja mwa munthu amene mumadziwa kwawo.