Mawaya a magetsi akayamba kuvina: malangizo kwa abale a kumaiko ozizira

Kuno ku Lilongwe, mawaya a magetsi timawaopera mvula yamkuntho ya mu Januwale, mitengo ya bulugamu yowagwera, ndi dzuwa la mu Okutobala limene limafutukula waya mpaka kulendewera. Inu abale amene muli ku Canada, ku America, ku Scotland kapena kumapiri a Eastern Cape ku South Africa, kumeneko kuli mdani wina yemwe kwathu kuno kulibe: madzi oundana okakamira pa waya.

Choopsa kwenikweni si sinowo yofewa ija ayi, koma mvula imene imagwa ili madzi n'kuundana pomwe yakhudza. Azanyengo kumeneko amaitcha freezing rain. Tiyerekeze waya wonenepa masentimita 2, atakutidwa mbali zonse ndi ayezi wa sentimita imodzi. Pa mita iliyonse pawonjezeka magalamu pafupifupi 850. Ngati nsanja ziwiri zonyamula mawaya zatalikirana mamita 300, waya mmodzi yekhayo wasenza makilogalamu 250, matumba asanu a chimanga. Mu Januwale 1998, mvula yotere inagwa masiku angapo ku Quebec ndi ku Ontario m'dziko la Canada, ayezi anafika mamilimita 100 m'madera ena, nsanja zachitsulo pafupifupi 1,000 zinagwa, ndipo anthu mamiliyoni anakhala mumdima m'nyengo yachisanu.

Kulemerako ndi mbali imodzi chabe. Ayezi sakuta waya mofanana, amaunjikana mbali imene kukuchokera mphepo, ndiye waya uja, yemwe anali wobulungira, amasanduka ngati phiko la ndege. Mphepo ikamawomba mopingasa ndi mosalekeza, ngakhale ya makilomita 30 kapena 50 pa ola, imamunyamula, iye n'kubwerera pansi, n'kunyamulidwanso. Akatswiri amati galloping. Waya amakwera ndi kutsika pang'onopang'ono, kamodzi pa sekondi imodzi kapena zingapo, koma amatha kudumpha mamita angapo. Mawaya awiri akayandikana pamathetheka moto, makina oteteza amadula magetsi n'kuwabwezeranso. N'chifukwa chake babu m'nyumba limaphethira kawiri katatu magetsi asanazimiretu. Kuvinako kukatenga maola, mabawuti amamasuka, zotchingira magetsi kuti asalowe mu nsanja zimasweka, mikono ya nsanja imapindika.

Palinso kunjenjemera kwina kosaoneka ndi maso, kobwera ndi kamphepo kayaziyazi, kumene kumathyola timawaya tam'kati pafupi ndi pomangira. Tizitsulo tiwiri tolendewera pa waya pafupi ndi nsanja, totchedwa Stockbridge damper, ntchito yake ndi kumeza kunjenjemerako.

Ambiri amapusitsidwa kukacha bwino. Dzuwa likawala, ayezi amayoyoka nthawi imodzi, waya wopepukidwayo n'kufwamphuka m'mwamba ngati uta. Zibuluma zimagwa pansi, ndipo magetsi amatha kuzimanso. Musaimike galimoto kapena kudutsa pansi pa mawaya tsiku limenelo.

Mukaona waya wagwa kapena walendewera, muyeseni wamoyo ngakhale asakuthetheka. Talikirani mamita 10, kutalika kwa basi yaikulu. Chonde musamukankhe ndi mtengo monga ena amachitira kwathu, chifukwa mtengo wonyowa umadutsa moto, chimodzimodzi mpanda wawaya ndi chithaphwi chimene wakhudza. Moto umafalikiranso m'nthaka, umachepa mukamatalikira, choncho phazi lina likakhala kutsogolo lina kumbuyo umadzera m'miyendo. Chokani mokhwekhwereza mapazi, ali ogundana. Imbani 911 ku America ndi ku Canada. Ku Britain imbani 999 ngati pali ngozi, ndipo 105 ndi nambala yaulere yonenera za kuzima kwa magetsi.

Waya akagwera galimoto muli momwemo, khalani phee mpaka amagetsi anene kuti azimitsa. Tulukani pokhapokha galimotoyo ikayamba kuyaka: dumphani mapazi ali pamodzi, osagwira galimoto ndi nthaka nthawi imodzi.

Tsopano nkhani imene imatidetsa nkhawa koposa. Ku Kawale kapena ku Area 25 magetsi akathima, timakoleza mbaula pakhonde n'kuphika nsima, mpweya ukuyenda. Nyumba za kumaiko ozizira amazimata kuti kamphepo kasalowe. Makala akayaka m'nyumba yotero amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo tosadzukanso. Mbaula, chowotchera nyama ndi jenereta zisalowe m'nyumba kapena mugalaja, ngakhale chitseko chili chotsekula. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kuchokera pa mawindo, ndipo musailumikize pa soketi ya pakhoma, chifukwa moto umabwerera ku mawaya a mumsewu n'kupha amene akukonza. Gulani alamu ya carbon monoxide ya mabatire.

Azanyengo akachenjeza, tchajani mafoni, tungani madzi akumwa, ikani pafupi tochi, mabatire ndi mabulangete. Magetsi akayamba kuphethira, zulani TV ndi kompyuta, musiye babu limodzi loti likudziwitseni akabwera. Firiji yosatsekulatsekula imasunga chakudya maola 4, filiza yodzaza maola 48. Banja lonse ligone chipinda chimodzi, ndipo pansi pa chitseko mutsekepo ndi chitenje kapena thaulo.