Momwe mungayendetsere pulojekiti ya open source yodalira anthu odzipereka

Pulogalamu ya open source ndi imene code yake (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira) ili poyera moti aliyense angathe kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa. Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, ndi yotere, chimodzimodzinso DHIS2 imene Unduna wa Zaumoyo kuno ku Malawi umasungira malipoti a zipatala. Mukayambitsa pulojekiti yanu, posachedwa mupeza kuti code si imene ikudyerani nthawi. Ikudyerani nthawi ndi anthu obwera kudzathandiza osalipidwa, ena aluso, ena ongoyamba kumene, ena ochepa a zolinga zoipa. Zimene zili pansipa tatengera GitHub, webusayiti yosungirapo code ndi kugwirirapo ntchito limodzi, koma pa GitLab n'zofanana kwambiri.

Laisensi kaye, musanaitane munthu

Code imene ilibe fayilo ya LICENSE si yaulere kwa ena ngakhale ili poyera, chifukwa malamulo amasungira mwini wake ufulu wonse. Makampani ndi mabungwe osamala sakhudza code yotere. Laisensi ya MIT imalola aliyense kuigwiritsa ntchito ngakhale mu pulogalamu yogulitsa yobisa code yake, bola asachotse mawu onena mwini wake. GPL, imene mtundu wake wachiwiri unatuluka mu 1991 ndipo wachitatu mu 2007, imati wogawa pulogalamu imene wasintha atulutsenso code yake pa GPL yomweyo. Sankhani lero, chifukwa anthu makumi atatu akaikamo dzanja, kusintha laisensi kumafuna chilolezo cha aliyense wa iwo, ndipo ena simudzawapezanso. Uzaninso othandiza kuti azilemba `git commit -s` posunga zosintha zawo mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code. Lamuloli limaika mzere wa Signed-off-by, umene wolembayo amatsimikizira kuti ali ndi ufulu wopereka codeyo, monga momwe Linux yakhala ikuchitira kuyambira mu 2004.

Mafayilo amene amayankha mafunso inu mutagona

README ifotokoze chimene pulogalamuyo imachita ndi malamulo enieni oiikira pa kompyuta. Yesani malamulowo pa kompyuta imene simunaigwiritsepo ntchito pa pulojekitiyi, popeza yanu ili kale ndi zinthu zimene munaika kalekale n'kuiwala. CONTRIBUTING.md inene momwe munthu angayendetsere mayeso ndi nthambi ya code (branch) imene atumizeko pull request, pempho loti zosintha zake zilowetsedwe mu pulojekiti. Pa khalidwe, simufunika kulemba zanu, tengani Contributor Covenant ya mu 2014, imene Linux inayambanso kutsatira mu 2018, koma lembanimo adiresi ya munthu weniweni wolandira madandaulo. SECURITY.md ipereke njira yachinsinsi youzira vuto la chitetezo, kuti lisalembedwe poyera lisanakonzedwe.

Mu foda ya `.github/ISSUE_TEMPLATE` ikanimo fomu yofunsa mtundu wa pulogalamu, mtundu wa kompyuta, zimene munthuyo anachita, zimene amayembekezera ndi zimene zinachitika. Popanda fomuyi muzilandira uthenga wa mawu awiri wakuti "sikugwira ntchito", n'kutha sabata mukufunsana.

Kusanja zobwera

Patulani ola limodzi pa sabata, tsiku lokhazikika, loona ma issue atsopano, mauthenga amene anthu alemba onena vuto kapena pempho. Ofanana ndi akale muwatseke n'kulozera ku wakalewo. Ntchito zing'onozing'ono zimene mungamalize mu mphindi khumi musazichite nokha. Zipatseni chizindikiro cha `good first issue`, mulembe fayilo yoyenera kusintha, ndipo musiyire wobwera kumene. Wotumiza pull request yake yoyamba ayankhidwe pasanathe masiku atatu, ngakhale yankho litangokhala lakuti mwaiona ndipo muiwerenga Loweruka. Akadikira mwezi wathunthu ali chete, sabweranso.

Kukana kumafunika. Pull request ya mizere zikwi ziwiri yobwera mwadzidzidzi ibwezeni mwaulemu, mupemphe kuti mukambirane kaye pa issue ndiponso kuti igawidwe zidutswa, chifukwa code iliyonse imene mwalandira mudzaisamalira ndinu mwini wakeyo atachoka. Musamayamikirenso anthu powerenga kuchuluka kwa zimene atumiza. Mu October 2020, pa Hacktoberfest, mwezi wolimbikitsa anthu kuthandiza pa open source, pamene kampani ya DigitalOcean inkapereka T-shirt kwa otumiza ma pull request anayi, mapulojekiti anadzadza ndi zosintha zopanda pake, mpaka malamulo anasinthidwa kuti aziwerengera mapulojekiti okhawo amene avomera kulowa nawo.

Makiyi aziperekedwa pang'onopang'ono

Apa ndi pamene pagona nkhani. Samutsani pulojekiti kuchoka pa akaunti yanu kupita pa organization, akaunti ya gulu pa GitHub, imene ili ndi maudindo asanu: Read, Triage, Write, Maintain ndi Admin. Wothandiza wokhulupirika ayambe ndi Triage, imene imamulola kusanja ndi kutseka ma issue koma osasintha code. Write ibwere pakapita miyezi mwaona ntchito yake. Admin ikhale ndi anthu awiri okha odziwana bwino, kuti mmodzi akadwala pulojekiti isaime. Aliyense wokhala ndi Write atsegule 2FA, chitsimikizo chachiwiri chowonjezera pa pasiwedi polowa mu akaunti.

Nkhani ya xz Utils ikusonyeza chifukwa chake. Kapulogalamu kofinya mafayiloka kali pafupifupi m'makompyuta onse a Linux, koma kwa zaka zambiri ankakasamalira ndi Lasse Collin yekha. Munthu wodzitcha Jia Tan anatha zaka ziwiri akutumiza zokonza zabwinobwino, uku maakaunti ena akumupanikiza Collin kuti akuchedwetsa ntchito ndipo apeze womuthandiza. Jia Tan atapatsidwa mphamvu zotulutsa mtundu watsopano, anabisa khomo lachinsinsi mu 5.6.0 ndi 5.6.1. Zinadziwika pa 29 March 2024 pamene Andres Freund, wogwira ntchito ku Microsoft, anadabwa kuti kulowa kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta ina uli kutali, kukuchedwa ndi theka la sekondi.

Onani momwe anabisira. Code yoipayo inali m'mafayilo oyesera amene munthu sangawawerenge ndi maso, ndipo kachidutswa koidzutsa kanali mu phukusi lotulutsidwa lokha, osati mu Git. Choncho tsekani nthambi ya `main` ndi branch protection kuti chosintha chilichonse, ngakhale chanu, chivomerezedwe ndi munthu wachiwiri. Phukusi lotulutsa lizimangidwa ndi GitHub Actions, makina a GitHub ogwira ntchito okha, kuchokera pa tag (chizindikiro cha mtundu wotulutsidwa) ya mu Git, osati pa laputopu ya munthu. Fayilo yosawerengeka ikabwera, funsani momwe inapangidwira ndipo muipange nokha. Anthu osadziwika angapo akayamba kukukakamizani nthawi imodzi kuti mupatse wina udindo, imeneyo ndi nthawi yochedwetsa zinthu.

Mukatopa

Lembani pamwamba pa README kuti mukuyankha kamodzi pa mwezi, kapena kuti mwaima. Musapereke pulojekiti kwa munthu woyamba kuipempha. Mu 2018 mwini wa event-stream, phukusi la pa npm (nkhokwe ya mapukusi a JavaScript), anachita zimenezo, ndipo wolandirayo anaikamo code yobera ndalama za Bitcoin mu pulogalamu yosungira Bitcoin yotchedwa Copay. Ngati palibe amene munagwira naye ntchito nthawi yaitali, pitani ku Settings n'kudina Archive this repository. Code ikhalabe poyera, ndipo wofuna kupitiriza apanga fork, kutanthauza kope lakelake la codeyo, pa dzina lake.