Kusankha resistor ya LED pa batire la 9V

Mwafunsa kuti LED (kababu kakang'ono ka magetsi) yofiira pa batire la 9V muiikire resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) yanji kuti isapse.

Yambani ndi kuchotsera voltage imene LED imadya yokha. Yofiira imatenga pafupifupi 2V, ndiye 7V yotsalayo ndi imene resistor iyenera kunyamula. Kenako gawani 7V ndi current (kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya) yomwe mukufuna. LED wamba ya 5mm isapitirire 20mA, kutanthauza 0.02A, ndipo 7 ÷ 0.02 ndi 350 ohms. Ya 350 sipezeka kawirikawiri, choncho tengani yokulirapo, 390 ohms, ya mizere ya olenji, yoyera ndi ya bulauni. Ya 470 nayonso ili bwino, kuwala kumangochepa pang'ono. Ya 1/4 watt ikwana, chifukwa imangotentha ndi 0.13W basi.

Polumikiza, + ya batire ipite ku resistor, resistor ku mwendo wautali wa LED, mwendo waufupi ku −. LED ikapanda kuyaka, itembenuzeni miyendo kaye musanaitaye.

Poyeza current, masulani waya umodzi n'kuika multimeter (chipangizo choyezera magetsi) pakati pake. Mukaigunditsa pa mitu ya batire ili pa mA (poyezera current), fiyuzi yake ikhoza kupsa, chifukwa palibe chotchinga magetsi.