Mmene Ndinabwezeretsera Maakaunti Ofufutidwa mu Active Directory

Lolemba m'mawa, pa ofesi yathu muno mu Lusaka, anzathu owerengera ndalama analephera kulowa m'makompyuta awo, chifukwa OU yawo yonse, foda yosunga maakaunti awo mu Active Directory (kaundula wa Microsoft wa maakaunti olowera m'makompyuta a pa ofesi), inali itafufutidwa mwangozi Loweruka. Mwamwayi, usiku uliwonse timasunga kope ya system state (mafayilo ofunika a seva, kuphatikizapo kaundulayu) pa disiki yapadera pogwiritsa ntchito pulogalamu ya wbadmin, ndipo ya Lachisanu inali idakali kutali ndi malire a masiku 180 a tombstone lifetime, amene akadutsa kope yakale siigwiritsidwanso ntchito pobwezeretsa.

Ndinayatsa seva mu DSRM, njira yapadera yoyatsira seva pokonza Active Directory, ndi pasiwedi imene timaisunga mu envelopu yomata m'kabati ya abwana, n'kubwezeretsa zonse. Kulakwitsa kwanga kunali kufulumira kuiyatsanso mwa masiku onse, pakuti seva yathu yachiwiri, imene imagawana zosintha ndi yoyambayi, inafufutanso maakauntiwo, poona kuti uthenga wa kufufuta ndiwo unali watsopano. Zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa malipiro a anthu anali kudikira.

Ndinabwereza ntchitoyo, koma ndisanatuluke mu DSRM ndinalowa mu pulogalamu ya ntdsutil n'kuchita authoritative restore (kubwezeretsa kolamula kuti maseva ena atsatire) pa OU yokhayo, zomwe zimakweza version number, nambala yosonyeza kusintha kwatsopano, kuti seva inayo igonje. Umembala wa maakauntiwo m'magulu ndinaukonza ndi fayilo ya LDF, yolemba magulu a akaunti iliyonse, imene ntdsutil inapanga. Madzulo omwewo ndinayatsa Active Directory Recycle Bin, imene imasunga zofufutidwa kuti zibwezeretsedwe mosavuta.